Nyumba Yathu Itamera Matayala

Usiku wathawu ndinalota zinthu, atsikana, zoti mpaka pano mutu wanga ukuyendabe ngati ndili pamsewu. Mtisunge, tula kaye ndowayo, madzi sathawa. Iwe Edina usandidule pakamwa ngati masiku onse, ukandidula ndiyambiranso poyamba.

Koma ndiyambe ndi zadzulo masana, apo ayi simumva bwino. Paja adadi amakonza magalimoto pagalaja ku Biwi. Dzulo amayi anandituma kukawapatsira chakudya, ndiye ndinawapeza ali pansi pa chigalimoto cha alendo ena ochokera kutali, chachitali ngati basi, koma m'kati mwake muli nyumba yeniyeni. Ndinasuzumira. Bedi lilimo, sinki ilimo, makatani a maluwa, mpaka kachimbudzi kakang'ono ngati kabati. Eni ake akuti alibe nyumba ina, amangoyenda, pomwe kwawadera n'kugona pomwepo. Adadi anatuluka pansi paja nkhope ili oyilo yekhayekha, akuti, "Sigele, ikanakhala yathu iyi, bwenzi nkhani yosamuka kumapeto kwa mwezi uno isakutisowetsa tulo." Paja ndinakuuzani kuti eni nyumba akuifuna nyumba yawo, ndipo kopita sitikukudziwa.

Ndiye pobwerera ndinadzera kumsika wa Mchesi, n'kuona chinthu. Mukuwadziwa anti Fausitina a pasaluni, aja amatiuza kuti chibwenzi chawo chili ku Joni, chibwera pa Khirisimasi ndi galimoto yofiira? Chibwenzicho ndachiona ine ndi maso angawa. Chikukazinga tchipisi pachiwaya, epuloni ili mafuta noninoni. Yemwe uja wa pachithunzi chopachika m'saluni, wa chipsera pachibwano. Musakuwe, anthu angatimve! Ndinathamanga kuti ndidzakuuzeni nkhaniyi isanazizire, koma nditangoponda pakhomo amayi anandigwira. "Lowa ukatsuke mbale. Pakamwa pakopo padzakupachikitsa tsiku lina." Mbale zitatha kunabwera zochapa, zochapa zitatha kunada. Ndinagona nayo nkhani m'kamwa, yosameza, yosalavula.

Ndiye m'malotomo kunacha bwinobwino, ine n'kutenga tsache kuti ndikasese pabwalo. Kutsegula chitseko, pabwalo palibe. Pali msewu wa tala ukuthamanga chobwerera m'mbuyo, mitengo ikungodutsa, fyuu, fyuu. Nyumba yathu yomweyi, ya chitseko chobiriwira, yamera matayala. Ikuyenda! Adadi akhala pampando wawo wa pabalaza, agwira chivundikiro cha poto ngati chiwongolero, akuimba mluzu.

Tsache linandiyankhula m'manja momwemo. "Ndibwezere kuseri kwa chitseko, mwana iwe. Ine ndinalembedwa ntchito yosesa pabwalo. Kuchokera kuno mpaka ku Blantyre sindingathe, msana wanga ndi wa udzu."

"Adadi, imani kaye! Sindinatsanzike anzanga!"

"Nyumba ikangoima nthawi yaitali imamera mizu, mwana wanga," anatero adadi osacheuka. "Ikamera mizu, mwini malo amabwera. Khala pansi, kutsogoloku kuli mahampu."

Ndiye ndinamva chinthu chikutakataka pakhosi panga. Kutsokomola, mwadzidzidzi kanatuluka kamwanapiye, kachikasu, kofunda ngati mbatata yootcha. M'maloto zinthu umangozidziwa wekha, palibe amakuuza. Ndinadziwa kuti kameneka ndi nkhani ya anti Fausitina ija. Kanandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Undiike m'khutu la munthu dzuwa lisanalowe," kanatero. "Ukachedwa ndizizira, ndifa, ndipo iweyo sudzakhalanso ndi chonena moyo wako wonse."

Ine Sigele, kukhala wopanda chonena! Ndinakafunyata m'chitenje n'kumanga pachifuwa.

M'nyumba yoyenda moyo ndi wina, atsikana. Amayi anali atamanga chilichonse ndi timizere ta nsalu, mapoto, makapu, wailesi, mpaka mphaka. Mbaula anaipachika kudenga ndi waya, ikungoti uku lende, uku lende, ikudandaula kuti ikumva chizungulire. Tikafika pahampu nyemba zimadumpha mumphika, kuyandama kaye m'mwamba ngati zikuganiza, kenako n'kubwereramo zonse kupatula imodzi. Bedi ndi tebulo chinali chinthu chimodzi. Adadi akafuna kudya, wogonayo amapindidwira limodzi ndi bulangeti. Madzi anali m'chigubu chimodzi chokha, ndipo chigubucho chinali chaumbombo ngati wogulitsa palafini.

"Unasamba kale dzulo," chinandiuza nditayandikira ndi kapu. "Lero usambe kumaso kokha, mbali imodzi. Inayo mawa."

Zochapa amayi anaziyanika pachingwe kumbuyo kwa nyumba, zikuuluka ngati mbendera, zikuuma ndi fumbi la maboma onse. Iwo pakamwa anatseka, ntchito basi. Nditafuna kutsegula pakamwa anandiloza ndi chipande. "Miseche m'nyumba muno ayi. Nyumba ndi yaing'ono, ingatilemere matayala."

Ndiye ndinapita pawindo. Panja pa windo panali patamera galasi lija la m'mbali mwa galimoto. Kuyang'anamo, ndinaona Kawale yense ali mmenemo, wamng'ono ngati bokosi la machesi. Ndinakuona iwe Mtisunge, uli pampopi pompano, ukutunga madzi, ukucheukacheuka kuyang'ana kwathu. Umachepa, n'kumachepa, mpaka unafanana ndi njere ya mpunga.

"Galasi, ndikulitsire mnzangayo ndimuuze kanthu."

"Ine ntchito yanga n'kuonetsa zomwe mwasiya," linatero galasi. "Mawu sindinyamula. Ndikananyamula mawu bwenzi madalaivala onse atapenga."

Kamwanapiye kanalira, tsiyo, tsiyo. Ndinaganiza kuti khutu ndi khutu basi, anthu ali ponseponse. Mukudziwa njira yathu ija, ukafuna kutuluka umati mchere watha. Ndinatenga kasosala. "Amayi, mchere watha, ndikapempheko kwa aneba."

"Aneba ake ati?"

Mwadzidzidzi pambali pathu panafika lole yodzaza kabichi, ikuyenda liwiro lofanana ndi lathu, moti zinangokhala ngati tonse taima. Pamwamba pa matumba panakhala mayi wina wonenepa, wa duku lofiira, akuluka tsitsi la kabichi mmodzi. Ndinayala thabwa lositirapo zovala kuchokera pawindo lathu kukafika pa lole, n'kuwoloka, msewu ukuthamanga kunsi kwa mapazi anga.

"Odi kuno! Amayi akuti muwagawireko mchere."

"Lowani, lowani, nyumba ndi yomweyi," anatero mayiwo, n'kutapa mchere m'thumba la epuloni. "Kwacha bwanji kumene mukuchokerako?"

"Kwacha ndi nkhani, mayi. Mwamva za anti Fausitina?"

Ndinamasula chitenje, n'kuika kamwanapiye pakhutu pawo. Kanalowetsa mutu.

"Fausitina wake uti?"

"A pasaluni, pafupi ndi chigayo."

"Chigayo chake chiti? Cha a Jumbe?"

"Ayi, cha ku Kawale. Aja amayenda chonyada, amati chibwenzi chawo chili ku Joni."

"Aa, kwathu aliyense chibwenzi chake chili ku Joni," anatero mayiwo akuyasamula. Kamwanapiye kanatererekera panja n'kugwera pakabichi, kakunjenjemera. Ndisanafotokoze za chiwaya, lole inayatsa kanyali kokhotera, msewu unagawikana pawiri, ine n'kudumphira kwathu thabwa likugwa. Mayi aja anandikuwira ali kutali, "Sosala yanu mudzaitenga tikadzakumananso!" koma ankapita kwina, ife kwina.

Ndiye tinayenda, tinayenda. Lizulu anadutsa ndi tomato wake yense, anthu akutithamangira ndi mabeseni pawindo la kuchipinda. Ntcheu anadutsa kawiri, sindikudziwa chifukwa chake. Kenako kutsogolo tinaona migolo ndi mtengo wopingasa, wapolisi wa pamsewu atakweza dzanja, malaya oyera mbee. Adadi anaponda mtondo, nyumba n'kuima, mapoto onse akuwombana mitu.

Wapolisiyo anazungulira nyumba yonse, anagogoda khoma, anasuzumira mumphika.

"Bambo, ichi ndi chiyani? Nyumba kapena galimoto?"

"Zimatengera nthawi, bwana," anatero adadi. "Tikamagona ndi nyumba."

"Ngati ndi galimoto, bwanji mphaka sanamange lamba? Ngati ndi nyumba, aneba anu ali kuti? Nyumba yopanda aneba siloledwa pamsewu uno."

Akulankhula choncho khosi lake linayamba kutalika. Linatalika, linatalika, miyendo n'kuonda ngati bango, malaya oyera aja n'kusanduka nthenga. Anasanduka kakowa, atsikana, koma chipewa chili pamutu pomwepo. Anaima ndi mwendo umodzi pamwamba pa mgolo.

Ine ndinati bola ameneyu, apolisi amadziwa aliyense. "Bwana, ndili ndi nkhani. Pali munthu wina akunamiza anthu kuti ali ku Joni."

"Ndi mlandu umenewo?"

"Ayi, koma ndi yokoma."

"Ibweretse." Anaweramitsa mutu. Ndinafunafuna khutu, mbali iyi, mbali inayo, nthenga zokhazokha. Mbalame ilibe poika nkhani! Ndiye ndinaona diso lake likuyang'ana kamwanapiye kanga mwanjala, mlomo wautali uja ukuyandikira. Ndinakabisa msangamsanga.

"Pitani," anatero kakowa mokhumudwa. "Koma mukapeze aneba. Ndikadzakuonaninso mulibe, ndidzakulandani khonde." Anauluka n'kukatera pamsana pa ng'ombe, n'kuyamba kuifunsa mapepala.

Dzuwa linali litapendeka. Kamwanapiye sikankaliranso mokweza, kankangoti tsi, tsi, ndipo kufunda kuja kunali kutachepa, ngati tiyi woiwalika patebulo.

Mwadzidzidzi tinapezeka taima pamalo ena a sitolo zitatu ndi mtengo wa mango, chifukwa chigubu chinali chitauma kukhosi. Panabwera bambo wina wa jekete ndi tayi, wochokera ku ofesi yogawa mabwalo. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi kutsogolo, kuganiza, kulibweza, kuliponyanso. Pofika pakhomo pathu anali atasanduka bilimankhwe, tayi ili m'khosi, diso lina likuyang'ana adadi, lina likuyang'ana mphika. Kukhwapa anapanira bwalo lopindidwa ngati mkeka.

"Alendo oima pang'ono timawabwereka bwalo," anatero. "Mulibweze losesa. Nkhuku zilimo kale."

Analitambasula pakhomo pathu, ndipo linalidi bwalo, la dothi lofiira, nkhuku zikupalasa, mpaka kamtengo ka papaya pakona. Tsache linalumpha lokha kuchoka kuseri kwa chitseko, likulira misozi. "Bwalo! Bwalo lenileni!" Linayamba kusesa lokha, likujambula timizere tokongola tija ta m'mawa. Amayi anatuluka n'kuima pakati pa bwalolo, manja m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku ngati akudikira wina awapatse moni. Palibe anabwera. Anabwerera m'nyumba.

Ine ndinanyamula chigubu kuthamangira kumjigo. Kumeneko ndinapeza atsikana a msinkhu wathu, akupopa madzi, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Mtima wanga unati myaa. Ndinati apa ndiye ndafika.

"Muli bwanji anzanga? Mukuseka chiyani?"

"Nachuma," anatero wina wamtali. "Wabweza mbuzi."

Onse anagwa nako kuseka. Ine ndinayesa kuseka nawo koma mano okha. Nachuma ndani? Mbuzi yake iti? Nkhani yawo inandigunda pakhutu n'kugwa pansi ngati mwala.

"Inenso ndili nayo," ndinatero. "Anti Fausitina, chibwenzi chawo chija..."

"Ndi wa kwa ayani Fausitinayo?"

"Ngwakwathu ku Kawale. Dikirani ndikufotokozereni. Ali ndi saluni, ndiye amakonda kunyoza tsitsi la anzawo, ndiye tsiku lina anauza mayi ake a Edina kuti..."

"Edina ndiye ndani?"

Mwaona? Kuti nkhani ikome pamafunika munthu woti ukangotchula dzina, iye wayamba kale kumwetulira. Ine ndinayamba kumanga Kawale yense ndi pakamwa, chigayo, mpopi, saluni, ndani anakwatiwa ndi ndani, koma ndikamamanga mbali iyi, mbali inayo ikugwa. Atsikana aja anasiya kundimvera. Anayamba kunong'onezana akundiyang'ana kumapazi. Ndinamva wina akuti, "Ndi aja a nyumba yoyendayenda. Akuti amasamba mbali imodzi." Hede! Ine wonyamula nkhani, ndasanduka nkhani, ndipo panalibe ngakhale mnzanga woti ndikamudandaulire.

Nyumba inaliza hutala. Bilimankhwe anali akupinda kale bwalo lake, nkhuku, papaya ndi timizere ta tsache zonse m'kati. Ndinathamanga chigubu chikundimenya m'miyendo, chikundikalipira kuti ndikuchitaya.

Ndiye msewu unayamba kukwera phiri. Unakwera mpaka tinalowa mu nkhungu, ndipo phokoso lonse linatha, zii. Matayala sankagundanso pansi. Msewu unasanduka chitenje chachitali cha buluu, wina akuchikupiza pang'onopang'ono kutsogolo, nyumba ikungoyandama pamwamba pake. Mitengo ya paini inkadutsa ili mtulo. Ng'ombe ina inatidutsa ikuyenda chagada, ikutafuna mtambo. Dzuwa linali lofiira, lili m'munsi, lalendewera pachingwe chathu pakati pa siketi yanga ya sukulu ndi malaya a adadi, likudontha.

Ndinakakhala pakhomo la kumbuyo, miyendo ili lende mu nkhungu. Ndinamasula chitenje. Kamwanapiye kanali katatseka maso, timiyendo titapindika, kozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinakauzira mpweya. Ndinayesa kukauza nkhani yake yomwe kuti mwina kadzuka, koma mawu anga ankatuluka ang'onoang'ono, ena osatuluka n'komwe. Ndinayesa kunena "Mtisunge", panangotuluka mpweya. Ndinati basi, ndi mmene anthu amakhalira achete.

Ndiye ndinamva wina akukhala pambali panga. Amayi, ndi lichero la mpunga pamiyendo. Anayamba kusankha mpunga, timiyala akuponya mu nkhungu, tikumveka patapita nthawi, thapwi, ngati pansi pali madzi. Ndinawayang'ana mwakabisira. Milomo yawo inali itauma, yoyera, ngati ya munthu amene wasala kudya. Ndinakumbukira kuti chichokereni sanapatsidwe moni ndi munthu, sanabwerekedwe sefa, sanaitanidwe pampanda.

"Chili m'chitenjemo n'chiyani?" anafunsa maso ali pampunga.

Ndinapukusa mutu.

"Ndakuona tsiku lonse ukuzungulira nacho ngati nkhuku yofuna poikira. Ndi ya ndani?"

Ndinakoka mawu kuchokera m'mimba mwenimweni. "Ya anti Fausitina."

Dzanja la amayi linaima m'lichero. Anayang'ana kumanja, nkhungu. Anayang'ana kumanzere, nkhungu. Anatsitsa mawu.

"Fausitina wa pasaluni? Uja anati tsitsi langa lili ngati chisa cha mpheta?"

Atsikana, kamwanapiye kanatsegula diso limodzi.

"Yemweyo, amayi."

"Wa chibwenzi cha ku Joni?"

Kanatsegula linalo. Kanaimirira m'manja mwanga, kakudzikung'untha.

"Koma munati miseche m'nyumba muno ayi."

"Pano ndi m'nyumba? Pano ndi pakhomo. Sendera kuno, adadi ako asamve, angaphonye msewu."

Anaika lichero pambali, n'kukankhira duku m'mwamba, khutu lili poyera. Ndinaika kamwanapiye. Kanalowa bwinobwino ngati kwawo, mutu, mapiko, mpaka timiyendo, ine ndikunong'ona zonse, za Mchesi, za chiwaya, za epuloni, za chipsera pachibwano. Mawu anga anabwerera onse, ena ongowonjezera. Maso a amayi anakula, anakula, kenako anaphulika.

"Hedeee! Uluuu! Joni yake ya pa Mchesi!"

Anandimenya m'manja, phaa, ngati mmene amachitira ndi anzawo kumpopi, osati ngati mwana wawo. Tinaseka mpaka nyumba inapendekeka, dzuwa linagwa pachingwe, mpunga unamwazika m'mwamba n'kukhala nyenyezi. Adadi anakuwa kuchokera pabalaza, "Mayi a Sigele, kumbuyoko kwagwa chiyani?"

"Palibe, bambo a Sigele, yendetsani! Tikusankha mpunga!"

Ndiye amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba kutsokomola. Anatsokomola, anatsokomola, mwadzidzidzi panatuluka chinkhuku chathadzi, chachikulu, chamawangamawanga, chooneka kuti chakhala m'menemo zaka. Chinakhala pamiyendo pawo chikundiyang'ana.

"Iwe ukudziwa za tchipisi zokha," anatero amayi. "Ndiwe mwana. Nanga amene anamugulira chiwayacho ukumudziwa? Ndi munthu woti tsiku lililonse umamupatsa moni. Bweretsa khutu."

Ndinapereka khutu langa lonse. Chinkhuku chija chinatambasula khosi, ndevu zake zikundigunda patsaya, chinakoka mpweya, chinatsegula mlomo, n'kukuwa kuti:

"Makalaaa! Makala apaaa!"

Kutsegula maso, ndili pabedi langa, khoma lili phee, belu la njinga likulira kuseri kwa mpanda, amayi akukuwa kuchokera kubafa: "Sigele! Ukugonabe? Muimitse wamakalayo asanapitirire!"